Thandala la Munthu Wamfupi

Kwathu kuno, m'mapiri a Katsunuma, ukafuna kudziwa msinkhu wa mwini munda sufunika kumuona. Umangolowa pansi pa thandala la mphesa zake n'kuyesa kuimirira. Thandala amalimanga molingana ndi mwini wake, kuti akakweza mkono phava limugwere m'dzanja. Munthuyo amakalamba, amamwalira, koma msinkhu wake umatsala m'munda, uli pa mawaya.

Malemu a Sakuji Amemiya anali aafupi, ndipo zimenezi sizinavutitsepo munthu, chifukwa akazi awo, mayi Fumie, nawonso sanapite patali. Vuto linabwera ndi mkamwini. Takuro Onodera anali wa kumpoto, kumene ana amakula ngati palibe wowauza polekezera. Tsiku loyamba la kukolola analowa m'munda ali chilili, waya n'kumuvula chipewa, phava n'kumumenya pamphumi. Anatola chipewacho, anawerama, ndipo anakhala chowerama mpaka madzulo.

Pakamwa ankati wabwera kudzathandiza. Zoona zake n'zakuti mundawo ankaufuna. Fakitale imene ankagwirako ntchito ku Hachioji inatsekedwa iye atapitirira zaka makumi asanu, msinkhu umene mabwana amakulandira mwaulemu n'kukuperekeza mwaulemu. Anatha chaka chathunthu m'nyumba ya lendi, kupukuta mbale zouma kale, kudikira kuti mkazi wake Misako aweruke kuchipatala kumene ankagwira ntchito. Kenako, pa mwambo wokumbukira malemu, apongozi ake ananena pamaso pa onse kuti chaka chino n'chomaliza. Mphesa zikatha adzaona chochita: kaya munda aupereke ku kampani ya vinyo imene inkangotumiza munthu wake wa tayi ndi makatoni a makeke, kaya kwa wina wa m'banja ngati angapezeke. Mwana wawo wamwamuna, amene anakhazikika ku Yokohama, anavomereza za kampanizo mayi ake asanatseke n'komwe pakamwa. Wina wa m'banjayo sanatchulidwe dzina. Koma Takuro anamva ngati akunena iye, ndipo Seputembala atafika analongedza chikwama n'kukwera sitima.

Ntchito yokolola si yovuta kuimva. Umachotsa kachipewa ka pepala kamene phava linavekedwa kuti lisanyowe ndi mvula. Umagwira pa kanthambi, osakhudza zipatso, chifukwa kafumbi koyera kali pakhungu lake ndi kamene ogula amayang'ana. Umadula, umatembenuza phava, umachotsa zoola ndi nsonga ya sizasi, n'kuligoneka m'kreti ngati khanda. Zonsezi Takuro anazigwira tsiku limodzi. Chimene chinamukanika n'koika thupi lake. Akapinda msana, maso ankafunikabe kuyang'ana kumwamba, ndiye khosi n'kuyamba kulira. Akatang'adza miyendo, ntchafu zinkanjenjemera. Anayesa kugwada, koma kuyenda ndi maondo pa mtsetse wa miyala n'kwa anthu olapa machimo aakulu.

Mayi Tomeko Naito, a munda woyandikana nawo, ankathandiza kwa a Amemiya chaka chilichonse, a Amemiya nawo n'kukabweza kwawo. Anali ndi manja achangu ndi pakamwa posatseka.

"Akamwini," anatero ali kuseri kwa masamba, "mwaima ngati ng'ombe yofuna kubereka. Tiitane dokotala?"

"Ndili bwino, mayi."

"Ine ndikuuzeni nzeru. Dulani miyendoyo m'maondo. Sizasi yanga ndi yakuthwa, ndikubwerekani."

"Ndiganizira."

"Muganize msanga. A Fumie, kodi mwana wanu anakamutenga kuti munthu ameneyu? Kusitoloko kunalibe saizi yaing'ono?"

Mayi Fumie anangopitiriza kudula. Anali ndi nkhondo yawoyawo. Zaka zinali zitawapinda msana mpaka thandala limene kale linkawakhudza mpango linawathawira m'mwamba. Tsopano ankayenda ndi kreti yachikasu: kuivundikira pansi, kukwerapo, kudula mapava amene dzanja lafikira, kutsika, kuikoka, kukweranso. Ankachita zimenezi tsiku lonse, ndipo munthu akayesa kuwagwira mkono ankamuyang'ana ngati wawatukwana. Choncho thandala la a Sakuji silinkakwana aliyense wa pakhomopo. Kwa mkamwini linali lalifupi, kwa mkazi wamasiye linali lalitali, ndipo mwini wake amene linkamukwana anali pa chithunzi m'chipinda chachikulu, akulandira tiyi ndi zofukiza m'mawa uliwonse.

Dzuwa likakwera ankayala mkeka mumthunzi wa mpesa n'kupumula. Ankamwa tiyi wobiriwira, kudya nkhaka zoviika mumchere ndi mibulu ya mpunga. Takuro ankakhala pansi pang'onopang'ono, mano atalumana, nkhope ikumwetulira.

"A Takuro," anatero mayi Fumie tsiku lina, akuthira tiyi, "thandalali mukuliona bwanji?"

Takuro anaika kapu pansi. Iye analeredwa bwino, ndipo ankadziwa kuti mkamwini asamakule mwendo. Thandala limeneli linali la apongozi ake aamuna, munthu amene anali asanathe zaka zitatu m'manda. Kulinyoza kukanakhala ngati kuuza mayiwo kuti anakwatiwa ndi munthu woperewera.

"N'labwino kwambiri, amayi. Bambo ankaidziwa ntchito. Mawaya ake mpaka lero ali gwa."

"Msana sukupweteka?"

"Ayi, ngakhale pang'ono."

"Oo," anatero mayi Fumie. Anamuyang'ana kanthawi, kenako anamusunthira mbale ya nkhaka. Mayi Tomeko anatsokomola ngati tiyi walowa kolakwika, koma sananene kanthu, zimene sizinkachitika kawirikawiri.

Patapita masiku funso lomwelo linabweranso, ndipo Takuro analiyankha mwaulemu woposa poyamba. Anawonjezera kuti nsanamira zake zinaima bwino ngati za kachisi. Mumtima anadziyamikira kuti mayeso akukhoza.

Madzulo akamaliza kusamba, Misako ankaimba foni.

"Amayi anenapo chilichonse?"

"Sananene."

"Nanga inu mwanena?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti ndipatseni munda wa amuna anu? Ndikugwira ntchito, iwo akuona."

"Akuona munthu wogwira ntchito, inde. Aganyu nawonso amagwira ntchito."

"Iwe sukudziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Chabwino, dekhani. Mwamata mankhwala pamsanapo?"

"Msana uli bwino."

"Mukunama. Mukupuma ngati mwasenza firiji."

Kumayambiriro kwa Okutobala wailesi inanena kuti mphepo ya mkuntho ikubwera kuchokera kunyanja ya kumwera. Mphesa zakupsa zikamwa mvula yambiri zimang'ambika, mavu ndi nkhungu n'kumaliza zotsala. Phiri lonse linadzuka. M'minda yonse munkangomveka kulira kwa masizasi ndi timagalimoto tokwera ndi kutsika. Za mkeka zinaiwalika, tiyi ankamwera chilili, amene akanatha kuima chilili.

Takuro anaona kuti nthawi yodzionetsa ndi imeneyi. Ankadula, ankasenza makreti awiriawiri ali chowerama, n'kutuluka nawo kumsewu, n'kubwerera akuthamanga ngati bakha. Tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu, ananyamula kreti yodzaza pansi pa thandala, ndipo chinachake m'chiuno mwake chinakana. Sanakuwe. Anatsitsa kretiyo bwinobwino, osagwetsa ngakhale mphesa imodzi, kenako anagona chammbali pa udzu monga munthu amene waganiza zopumula. Atayesa kudzuka anapeza kuti miyendo ili ndi maganizo ena.

Ali chigonere choncho anaona munda mmene anali asanauonepo. Mapava ofiirira ankalendewera pamwamba pake, dzuwa likudutsa m'zipatsomo, ndipo khosi silinkapweteka. Kenako pakati pa mapavawo panatulukira nkhope ya apongozi ake, ali pa kreti yawo.

"Munati msana sukupweteka."

"Wangoyamba lero, amayi."

Amuna a mayi Tomeko anamutsitsira kunyumba pa ngolo yonyamulira makreti, miyendo ikukwekwereza pansi chifukwa ngoloyo nayonso sanaipangire anthu a kumpoto. Mvula inayamba madzulo ake. Mkuntho unadutsa cha pambali, komabe mphesa za kumunsi kwa munda, zimene Takuro akanadula akanakhala kuti sanadzipange ngwazi, zinang'ambika n'kupita kudzala. Palibe amene anamunena, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa chiuno. Anagona masiku angapo pa mphasa, akumva masizasi akulira kumtunda, apongozi ake akumuikira mpunga ndi msuzi pakhomo n'kubwerera kumunda.

Atayamba kuyenda anamuika m'shedi, pa ntchito yopinda makatoni, ntchito ya odwala ndi alendo. Ali pamenepo m'pamene anaona munthu wa kampani uja akutsika m'galimoto yoyera, tayi pakhosi, nsapato za jombo zatsopano kumapazi. Mayi Fumie anayenda naye munda wonse, kona ndi kona. Munthuyo ankaloza ndi dzanja kuchokera kumtunda kutsika kumunsi, kusonyeza mmene mizere idzayendere matandala akadzagwetsedwa. Mayi Fumie ankamvetsera, mutu uli pansi. Takuro anachita mantha. Anaona nyumba ya lendi ija, ndi mbale zouma zija zikumudikira.

Mayi Tomeko analowa m'shedimo ndi kreti, anaitsitsa, n'kuima pakhomo akupukuta thukuta.

"Mukumuona uyo? Chaka chamawa pano padzakhala mizere ngati ya asilikali."

"Amayi avomera?"

"Akuti ayankha mphesa zikatha. Zatsala za kumtunda zokha." Anatembenuka n'kumuyang'ana. "Akamwini, ndikufunseni. Inu munda uwu mumaufuna, kapena munangobwera kudzathyola msana?"

Takuro anapinda katoni ina. "Si ine wonena zimenezo."

"Nanga wonena ndani, ine? A Fumie anakufunsani za thandala, ine ndili pompo. Anabwerezanso. Inu n'kumati labwino, labwino, ngati la kachisi. Bambo, woyamikira thandala ndi mlendo. Amawerama mwezi umodzi, amalandira katoni ya mphesa, amakwera sitima. Munthu amene akuganiza zokhala pansi pake mpaka mano atatha amakangana nalo."

"Koma ndi la malemu."

"Malemu omwewo anachita bwanji? Bambo awo anali aatali. A Sakuji ankadumphira mapava ngati galu pa nyama yopachika. Tsiku lina anaponya sizasi pansi, anthu akuona, akuti, 'Thandala ili n'la nyamalikiti, ine sindikololanso.' Bambo awo sanawalankhule mpaka chaka chatsopano. Koma chisanu chisanathe bambowo anaitana omanga kuti alitsitse. Ndi mmene munda umapitira kwa munthu kuno. Palibe amene amakupatsa m'manja ngati keke."

"Bwanji sanangondiuza?"

"Akuuzeni kuti nyozani amuna anga? Mutu ukuyenda bwino?"

"Nanga inuyo?"

"Ine ndimayesa kumpoto kulinso nzeru."

Mayi Tomeko anatola kreti yopanda kanthu, koma sanatuluke. Mawu awo anatsika.

"Komanso mudziwe. Thandala likakwera, mipesa yakale sikwera nalo. Inaumira pamene a Sakuji anaipindira. Amadula yonse n'kubzala ina. Ndipo a Fumie, pa thandala la msinkhu wanu, ngakhale atasanjikiza makreti awiri..." Sanamalize. Anagwedeza mutu n'kubwerera kumunda.

Takuro anakhala ndi katoni yosapinda m'manja. Ndiye kuti mawu amene ankafunika kunena anali nkhwangwa. Akawanena, mipesa ya malemu igwa, ndipo mayi amene ankamuikira mpunga pakhomo sadzadulanso phava m'munda wawo. Anadzitonthoza kuti kampani nayonso idzadula, ndipo idzadula osafunsa. Zinali zoona, koma sizinamuthandize kwenikweni. Kampani sinadyepo mpunga wa pakhomopo. Anachita manyazi, ndipo anadabwa kupeza kuti manyaziwo sanachepetse kufuna kwake ngakhale pang'ono.

Tsiku lomaliza anamanga lamba wa odwala msana n'kukwera kumtunda ndi sizasi yake. Palibe amene anamuletsa. Anadula mosathamanga, akupumira pa nsanamira. Masamba anali atayamba kuchita chikasu, mavu ataledzera ndi zipatso zong'ambika. Dzuwa litapendeka kreti yomaliza inatsika, ndipo monga mwa chizolowezi anayala mkeka, mayi Fumie n'kutulutsa botolo lalikulu la vinyo wa chaka chatha, wa mphesa zawo zomwe. Kuno vinyo timamwera m'makapu a tiyi, ndipo amene amafuna tambula ya mwendo amapita kutauni.

Takuro anadikira funso lija. Yankho anali atalikonza, ataliyeserera m'bafa. Koma funso silinabwere. Mayi Fumie anathira vinyo, anathokoza a Naito onse awiri, kenako anatembenukira kwa iye n'kuwerama pang'ono, mwaulemu wonse.

"A Takuro, mwatithandiza kwambiri chaka chino, mpaka kudzipweteka. Katoni yanu ndakonza, ili m'shedi. Mukampatse moni Misako. Sitima yabwino ndi ya m'mawa."

Takuro anayang'ana vinyo m'kapu. Kenako anaika kapuyo pa mkeka, anagwira nsanamira, n'kudzuka. Sanawerame. Anaongoka mpaka mutu unalowa pakati pa mawaya, chipewa n'kugwa, masamba n'kumuphimba nkhope. Amene anali pa mkeka ankangoona munthu woyambira m'khosi kutsika.

"Amayi," mawu anatuluka m'masambamo, ochepa kuposa mwini wake, "thandala ili n'lalifupi."

"Mwati bwanji?"

"N'lalifupi. Landithyola msana. Munthu sangagwire ntchito pansi pa chinthu chotere."

"Amuna anga anagwira ntchito pansi pake moyo wawo wonse."

"Anali aafupi, amayi."

Amuna a mayi Tomeko anayamba kufufuza chinachake pansi pa kapu yawo. Mayi Tomeko, amene anayambitsa zonsezi, ankayang'ana kuphiri ngati sakumudziwa munthuyo.

Takuro ankaganiza kuti mawuwo akangotuluka, apongozi ake amwetulira monga munthu amene mwambo wake watsatidwa. Analakwitsa. Mwambo ndi mwambo, koma mawu amalasa ndithu. Nkhope ya mayi Fumie inafiira mpaka m'makutu. Anatseka botolo, ngakhale kuti makapu anali asanathe, anadzuka osalola kuthandizidwa, n'kutsika njira ya kunyumba. Pa chakudya chamadzulo sanamulankhule. M'mawa Takuro anapeza katoni yake pakhomo, yomangidwa bwino ndi chingwe, ndipo anakwera sitima yabwino ija.

Milungu inadutsa. Mayi Fumie akaimba foni ankalankhula ndi Misako za kuzizira, za bondo la a Naito, za mtengo wa mafuta a mbaula yowothera. Za munda ayi, za mkamwini ayi.

"Munanena chiyani kwenikweni?" Misako anamufunsa.

"Ndinati bambo ako anali aafupi."

Misako anaika timitengo todyera pa mbale. "Pamaso pa amayi?"

"Pamaso pa a Naito omwe."

"Chabwino. Ine ndinati nenani, sindinati tukwanani."

Takuro anabwerera ku mbale zake zouma. Ankadzuka m'mawa osadziwa ngati mundawo wapita kale ku kampani, ndipo analibe nkhope yofunsira. Msana unachira, zimene zinangomukwiyitsa, chifukwa unalibe ntchito.

Kumapeto kwa Novembala Misako anatsitsa foni n'kumuyang'ana.

"Amayi akuti mupite Loweruka. Akuti muvale nsapato za kumunda."

"Anena chifukwa?"

"Amayi anayamba anenapo chifukwa?"

Munda anaupeza uli mbee, masamba onse ali pansi, nthambi zokhazokha zitalukana pa mawaya. Mphepo yozizira inkatsika kuphiri. Pakona ya kumtunda panali mayi Fumie, atavala chijasi chimene chinkawafika m'mapazi, ndodo m'manja. Pambali pawo panaima a Furuya, omanga matandala, nkhalamba yowuma ngati nsungwi, pensulo kukhutu. Anali atazika kale thabwa lalitali kunja kwa nsanamira yakale, ndipo pafupi pake anaika kampando.

Takuro anawerama kupereka moni. Mayi Fumie anangogwedeza mutu.

"Awa ndi amene?" anafunsa a Furuya, akumuyang'ana kuyambira kumapazi kukwera, ndipo ulendowo unawatengera nthawi. "Mayi, munandiuza kuti ndi wamtali, simunandiuze kuti ndibwere ndi makwerero. Imani apa, bambo. Msana kuthabwa. Chipewa chotsani."

Takuro anaima. Anavula chipewa, msana n'kuutsamiza kuthabwa. Munda unali wake. Anasangalala, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. A Furuya anakwera pa kampando. Pamenepo maso a Takuro anagwera pa apongozi ake, pamwamba pa mutu wawo, pamene tsitsi linali litayamba kuthothoka. Anali asanawaonepo aang'ono chotero. Pang'onopang'ono, m'kati mwa buluku lake lalikulu, anapinda maondo.

A Furuya anaona thupi likutsika pa thabwa. Anangokanda kukhosi. Iwo ntchito yawo n'kulemba pamene mutu wathera.

"Maondo," anatero mayi Fumie.

"Amayi?"

"Wongolani maondo. Mukufuna chaka chamawa mudzandiuzenso kuti n'lalifupi?"

"Ndimati mwina litatsikako pang'ono, inunso mukhoza kumadzadula pena ndi pena."

Ndodo inamugunda pabondo, osati mwamphamvu, komanso osati mwa masewera.

"Ine zanga ndinadula. Imani monga anakuberekerani mayi anu."

Takuro anaongoka. A Furuya anakunga chibakera, anachiika pamutu pake, n'kulemba mzere pamwamba pa chibakeracho. Anatsika pa kampando, onse atatu n'kuyang'ana mzerewo. Mayi Fumie anachita kubwerera m'mbuyo, atatsamira ndodo, kuti auone. Anauyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu wowerenga dzina la sitima imene sakwera.

"Chabwino," anatero a Furuya, akubweza pensulo kukhutu. "Nsanamira ndibweretsa mwezi wamawa, koma pakhale poyera. Mipesa ya a Sakuji iyi iyambe yachoka, ndi mizu yomwe. Mayi, ndiwauze anyamata a macheka abwere liti?"

"Mukufunsa ine?" anatero mayi Fumie. "Eni munda ndi awo."

Anatembenuka n'kuyamba kutsika njira ya kunyumba. A Furuya anayang'ana Takuro, akudikira. Takuro ankafuna kuti apongozi ake ayambe afika patali, pamene mawu sangafike. Koma mayi Fumie ankayenda pang'onopang'ono, ndodo kaye, phazi pambuyo, ndipo a Furuya anali ndi minda ina yoti akaone tsiku lomwelo.

"Bambo, liti?"

"Lolemba," anatero Takuro.

Mayi Fumie sanatembenuke. Anangosintha dzanja logwira ndodo n'kupitiriza kutsika.